Ndani Anasesa Tsitsi Langa?

Tembisa, Joni
3 Malichi 2024

Okondedwa amake Ulemu,

Poyamba mundikhululukire kalembedwe kanga. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndipo dzanja ili linazolowera thumba la simenti, osati cholembera. Pamene zilembo zapindika muwerenge mofatsa, pamene ndalakwitsa musaseke.

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi mwana wathu Ulemu? Nanga amayi miyendo ija ikuwalola kuyenda? Alamu anga a Sydney muwapatse moni. Ine kuno ndili bwino pang'ono, ntchito ya zomangamanga ikupitirira.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. M'chipinda muno timagona amuna anayi, ukangoti halo onse makutu ali tcheru. Komanso zithunzi ndi mauthenga anga zimadzera pa foni ya a Sydney, poti yanu ndi ya mabatani. Nkhani iyi si ya alamu. N'chifukwa chake ndapatsira a Jackson, aja amanyamula katundu wa anthu kuchoka kuno kupita ku Lilongwe, kuti akupatseni pamanja. Yankho mudzawapatse iwo omwewo pobwerera.

Pa Khrisimasi munandifunsa chifukwa chake pa chithunzi chilichonse ndimakhala ndi chipewa, ngakhale ndili m'nyumba. Ndinati kuno kumazizira. Ndinanama, Disembala kuno kumatentha ngati kwathu komweko. Zoona zake n'zakuti tsitsi langa likutha. Layambira m'mbali mwa mphumi, uku ndi uku, likulowa m'kati ngati mmene madzi a mvula amadyera mzere wa m'munda. Pakati patsala kachigamba kokha. Kale kuchokera pa nsidze kufika pa tsitsi zinkakwana zala zitatu. Lero zinayi zikulowa n'kutsala mpata. Ndili ndi zaka 33 zokha, amake Ulemu.

Anzanga m'chipinda muno sandisiya. Wina wa ku Mpingu dzulo anati, "A Yesaya, eti amati dazi n'la anthu olemera? Lanu lafika kale, nanga chuma chake achigwira pa boda?" Onse anaseka, wina mpaka kutsamwa ndi tiyi. Ine ndinasekako, koma buledi wanga ndinamusiya pa mbale.

Kodi zimenezi zimaima? Kodi mukudziwapo mwamuna amene linayamba kumuthera, kenako n'kuleka? Mufunse mosaonetsera kuti mukufunsira ine.

Chithunzi cha kwaya pa ukwati wa ku Nambuma ndinachiona. Munatchena, nsalu ija inakukhalani. Koma ndifunseko. Amuna oimba besi amaima kumapeto, nanga a Nickson, ometa anthu pa Nsaru aja, akutani kumbuyo kwanu penipeni? Chibwano chawo chatsala pang'ono kukhudza duku lanu. Ndipo tsitsi lawo lija, lakuda bii, lodzaza mpaka pafupi ndi nsidze, chonsecho ndi aakulu kwa ine ndi zaka ziwiri. Sindikunena kanthu. Ndangofunsa kaimidwe ka kwaya.

Chigafa chija mbali ya kumadzulo chimadontha, muwauze a Sydney aikepo udzu fodya asanaole. Ndatumiza bulangete limodzi ndi shuga.

Ndine mwamuna wanu,
Yesaya


14 Epulo 2024

Okondedwa amake Ulemu,

Moni kwa inu ndi Ulemu. Ndikhulupirira chifuwa chake chija chinatha. Ine ndili moyo, phewa lokha ndi limene likuwawa.

Kalata yanu a Jackson andipatsa, ndaiwerenga kasanu. Za mutu wanga mwalemba mizere iwiri: "Musadandaule nazo, si matenda. Muzidya mokwanira." Za kwaya mwalemba tsamba lonse, kuti a Nickson anaima pamenepo chifukwa wojambula anawasuntha, kuti ndi amene akuphunzitsa nyimbo tsopano, kuti anthu anawaombera m'manja. Dzina lawo ndaliwerenga, lili kanayi. Langa lili kamodzi, pa envelopu.

Phewa likuwawa chifukwa ndinasiya kusenza simenti pamutu. Ndinkaganiza kuti fumbi lake ndi limene likudya tsitsi. Mwezi wathunthu ndanyamulira paphewa, kapitawo mpaka kundifunsa ngati khosi linathyoka, koma tsitsi likugwabe. M'mawa ndikadzuka ndimalipeza pa pilo. Ndapakapo anyezi, ndapakapo adyo. Adyo anandiwotcha, panatuluka matuza, ndipo anzanga anati m'chipinda mukununkha ngati pa chiwaya. Munditumizireko mafuta a nsatsi, amayi amadziwa kuyenga kwake. Muwauze kuti ndi a phewa.

Tsono pali china chimene chikundisowetsa mtendere. Ndakhala ndikuganiza kuti zinayamba liti. Zinayamba nditabwerako ku maliro a bambo anu, chaka cha 2022. Mukumbukira tsiku la kumeta? Kale pa mwambo umenewu ankameta ndi lumo akuluakulu a pamudzi, koma tsiku lija a Sydney anati kubwerekana lezala n'koopsa masiku ano, aitane munthu wa makina. Anabwera a Nickson ndi batire pa njinga. Anameta abale onse pansi pa mtengo wa mango, ine mkamwini ndinali womaliza. Ndikukumbukira dzanja lawo linakhala pamphumi panga nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Mutu wabwino uwu, a Yesaya, ku Joni akukusungirani bwino." Kuyambira pamenepo tsitsi la kutsogolo silinamerenso ngati kale.

Tsitsi la pa maliro limasesedwa lonse n'kukakwiriridwa, aliyense amadziwa. Koma ine sindinaone, ndinathamangira basi tsiku lomwelo. Kuntchito kuli bambo wina wachikulire wa ku Dedza, ndinamufotokozera. Anapukusa mutu nati, "Unasiya tsitsi lako m'manja mwa mwamuna amene amadutsa pakhomo pako iwe kulibe? Mwana iwe!"

Ine ndine wa mpingo, zotere sindifuna kuzikhulupirira. Koma mundiyankhe funso limodzi ili: ndani anasesa tsitsi langa tsiku lija, ndipo linapita kuti?

Mtedza mukakumba musauyanike pafupi ndi njira, mbuzi zidzakuthandizani kukolola. Kuno masiku ano Loweruka sitikuyenda kutali, pali zifukwa zake.

Ndine wanu,
Yesaya


9 Juni 2024

Okondedwa amake Ulemu,

Muli bwanji nonse? Kuno kuzizira kwafika, madzi a m'ndowa akumaundana m'mawa. Ine ndikutsokomola pang'ono basi. Mafuta a nsatsi ndalandira, zikomo, koma m'jumbomo munalibe kalata. A Jackson akuti munati mwatanganidwa ndi kukolola.

Ndinawafunsa kuti anakupezani bwanji. Anati, "Aa, alamu ali bwino kwabasi, anenepa, akuwala. Ndinakumana nawo pa Nsaru tsiku la msika, atakwera njinga yamoto ya wometa uja, matumba awiri a mtedza kumbuyo."

Ndinati, "Atakhala bwanji?"

Anati, "Mmene anthu amakhalira pa njinga. Mumafuna akhale pa handulo?"

Iwo anaseka. Ine sindinaseke. Matumba awiri kumbuyo, ndiye kuti inu munali pakati, mothinana. Pa Nsaru a kabaza alipo oposa makumi awiri. Ngolo ya a Sydney ilipo. Mwa zonsezo munasankha njinga ya munthu amene ndinakufunsani za iye, ndipo funso langa mpaka lero simunayankhe.

Zala tsopano zikulowa zinayi ndi theka. Mnzanga anandijambula chakumbuyo, ndaona kuti pa liwombo payambanso kuoneka khungu. Ndikaganiza za Disembala mtima umathamanga ngati ndakwera masitepe ndi thumba. M'tchalitchi mwamuna salowa ndi chipewa. Ndidzakhala pa benchi mutu ukuwala, a Nickson ali kutsogolo akuimbitsa, inu maso ali pa manja awo kudikira poyambira. Munakwatiwa ndi mnyamata wopesa tsitsi. Adzatsika basi ndi nkhalamba.

Ndine mkamwini, sindiiwala. Nyumba ya malata ija ndinamanga pa dothi la kwanu. Tsiku limene mudzati, "Bambo, mwatha, pitani kwanu," ndidzatuluka ndi chikwama chokha, mwana n'kutsala. Zimenezi ndimaziganiza ndikuponda matope, mpaka dzana ndinathira madzi kawiri, kapitawo anandikalipira pamaso pa anthu.

Poti inu simuyankha, ndalembera amalume a Elifasi ku Kabudula, monga nkhoswe yanga. Ndawauza kuti akafufuze mwakachetechete za tsitsi lija. Musakhumudwe, nkhani za banja njira yake ndi imeneyo.

Lachiwiri lapitali kuntchito kunabwera apolisi ofunsa mapepala okhalira m'dziko muno. Ndinakhala maola atatu m'paipi yaikulu ya madzi. Anzathu awiri a ku Mchinji sitinawaonenso. Amayi musawauze.

Chimanga muthire mankhwala musanasoke matumba. Chaka chatha anankafumbwe anatidyera theka.

Ndine mwamuna wanu,
Yesaya


21 Julayi 2024

Amake Ulemu,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino, poti munthu wodwala sangalembe masamba atatu okalipa chotere. Inenso ndilipo.

Ndamva zonse. Mukuti amalume sanapite mwakachetechete. Mukuti anafika pa Nsaru tsiku la msika, n'kuima pakhomo pa shopu ya a Nickson, anthu asanu ali pa benchi kudikira, n'kufuula kuti, "Iwe wometa, tsitsi la mwana wa mlongo wanga la pa maliro paja unaliika kuti? Mutu wake ukusupuka ku Joni!" Mukuti amene anali pampando anadzuka mutu utametedwa theka, n'kutola tsitsi lake pansi, kuika m'thumba la malaya, ulendo. Mukuti kuyambira tsiku limenelo anthu akukametetsa kwina, ndipo ochepa amene akupitabe akumatenga jumbo yotoleramo tsitsi lawo.

Ine sindinawatume choncho. Mawu akuti mwakachetechete ndinawalemba, mwina sanawerengeke bwino. Ndipo musaiwale kuti inenso ndavulalapo. Chimene ndabisa zaka ziwiri, lero Nsaru yonse ikuchidziwa, mpaka ogulitsa tomato.

Mukuti tsitsi munasesa ndinu, inu ndi azakhali anu, la anthu onse pamodzi, n'kukalikwirira m'mbali mwa njira ya kumanda, a Nickson atapita kale. Chabwino. Nanga bwanji simunanene mu Epulo? Mukuti funso lake linakunyansani. Mzere umodzi ukanakwana. Munthu akakhala chete miyezi iwiri pa funso lophweka, wofunsayo aganize chiyani?

Ndaonanso mmene mwalembera. "Bambo wosalakwa, wa ana atatu, mkazi wake anamwalira, inu mwamuphera ntchito." Zoti mkazi wake anamwalira ndimadziwa, n'chimene chimandiwondetsa. Chisoni chanu chonse chapita kwa iwo. Ine amene mutu ukutha kuno, ndikupuma fumbi la simenti tsiku ndi tsiku, simunandifunse n'komwe ngati matuza a adyo aja anapola.

Ndiye ndifunse chomaliza. Ngati munasesa ndinu, ndani anaona kuti langa munalikwiriradi limodzi ndi la ena? Azakhali maso awo saona patali. Ndalemba, sindifufuta.

A Nickson ngati akadandaula kwa akulu a mpingo, adandaule. Ine ndikuti kwaya muyambe mwapuma kufikira nditabwera. Mtedza wotsala ukapita pa ngolo, osati pa njinga ya munthu.

Yesaya


1 Seputembala 2024

Okondedwa amake Ulemu,

Muli bwanji? Ulemu mayeso anakhoza? Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi. A Jackson abwera kawiri opanda kalata. Ndikaimba foni mukumapatsa mwana, iye akatha mukudula.

Dzulo ndinalimba mtima, ndinalowa m'sitolo ya mankhwala ya m'tauni, ija ya magalasi imene ndimaopa kulowamo chifukwa cha nsapato zanga. Ndinadikira anthu onse atuluke. Mayi wogulitsa, wovala zoyera, anati ndivule chipewa. Anayang'ana kutsogolo, anayang'ana pa liwombo, osagwira n'komwe. Chizungu changa ndi chothyoka, Chizulu changa n'cha pa ntchito, koma tinamvana.

Ndinafunsa ngati zimaima. Anati, "Kwa ena zimaima zokha zaka zingapo, kenako n'kuyambiranso. Kwa ena zimangopitirira. Palibe angakuuzeni lero kuti inu muli mbali iti." Anati si simenti, si chipewa, si sopo. Zimayenda m'magazi a pa mtundu. Pali mankhwala opaka m'mawa ndi madzulo amene amachedwetsa, kwa ena tsitsi limabwererako pang'ono, koma ukasiya kupaka zonse zimabwerera pakale. Palinso mapiritsi olembedwa ndi dokotala. Apa anatsitsa mawu n'kunena kuti amuna ena ochepa akamamwa, mphamvu za m'nyumba zimachepa. Pamene panasalala kalekale, anati pamenepo ndisayembekezere zambiri.

Ndinafunsanso, mwamanyazi, ngati munthu angatenge tsitsi la mnzake n'kumuchita nalo chipongwe. Sanaseke. Anangoti, "Bambo anu mutu wawo unali bwanji? Nanga amalume anu?"

Bambo anamwalira ndili wakhanda, mukudziwa. Amalume ndimawadziwa ndi mpala kuyambira ndili mwana, ndinkayesa amakonda choncho. Nditatuluka ndinawaimbira pomwepo pa msewu.

Ndinati, "Amalume, kodi mpala wanuwo mumameta chifukwa chiyani?"

Anati, "Mpala wake uti? Iwe, tsitsi langa linatha usanabadwe. Ndimangopala tam'mbalitu kuti pafanane. Agogo ako aamuna chimodzimodzi, ntchentche inkaterereka."

Ndinati, "Nanga bwanji simunandiuze musanapite pa Nsaru?"

Anati, "Unandituma kukafunsa tsitsi lako, ndinakafunsa. Za mutu wanga unandifunsa liti?"

Ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu, anthu akundilambalala. Amake Ulemu, ndalakwa. Mzere uja ndinati sindifufuta, ndikuupempha ubwerere. Ng'ambani kalata ya Julayi ija, isafike m'manja mwa a Sydney.

Opakawo ndagula botolo limodzi, la mwezi umodzi, mtengo wake ngati wa nsapato za sukulu. Za mapiritsi sindinapite kwa dokotala. Nkhani imeneyo ndi ya anthu awiri, sindingaidule ndekha.

Nazale ya fodya mufese kumunsi kwa dimba, kumene madzi sauma msanga. Ndatumiza nsalu ziwiri, ketulo ndi nsapato za mwana.

Ndine mwamuna wanu wolakwa,
Yesaya


20 Okutobala 2024

Okondedwa amake Ulemu,

Moni kwa inu, kwa Ulemu ndi kwa amayi. Ndikumva kuti kumeneko dzuwa laswa mtengo, muzipuma masana. Ine ndilipo.

A Jackson anafika Lachinayi. Anatsitsa chikwama changa chomwe chija, nsalu ziwiri ndi ketulo zili momwemo. Munatenga nsapato zokha. Anati, "Chiyambireni ntchito iyi, aka n'koyamba kunyamula ketulo yopita ku Joni." Ataona nkhope yanga anasiya nthabwala, n'kutulutsa kapepala m'thumba la malaya.

Kapepala kanu ndakaloweza pamtima. "Dazi lanu ndinaliona chaka chimene tinakwatirana, pamene ndinkakudulani tsitsi ndi sizasi pakhonde. Linali litayamba kale m'mbali. Sindinanene chifukwa sindinaone chonena. Kalata ija a Sydney anaiwerenga kale."

Zaka zisanu ndi zinayi, amake Ulemu. Ine ndikupesa pa galasi ngati mnyamata wa ku sekondale, inu mukuona, osanena. Ndavala chipewa zaka ziwiri, thukuta likuyenderera m'makutu, kubisira munthu amene anaona ine ndisanaone. Ndiye kuti pa maliro paja linali likutha kale, makina anangoonetsa poyera.

A Sydney anandiimbira Lamlungu lapitali. Moni sanandipatse. Anati, "Alamu, tinakupatsani malo, tinakupatsani mlongo wathu. Inu mwatenga maliro a bambo athu n'kuwasandutsa bwalo la ufiti. Choyamba mwanamizira munthu amene anabwera kudzatithandiza ulere, kenako mwaloza chala mwana wa malemu yemwe."

Ndinati, "Pepani alamu, mutu ndi umene unandisokoneza."

Anati, "Mutu wake wa kunja kapena wa m'kati?"

Anandiuzanso kuti kwaya munasiya, osati chifukwa ndinalamula ine, koma chifukwa amayi ena mukamadutsa akumagwira maduku awo n'kumaseka. Akuti kuchigayo mukumapita anthu asanachuluke, ndipo Ulemu anabwera kusukulu akulira, anzake atamufunsa ngati amayi ake amasunga tsitsi la anthu mu mphika. Zimenezi ndazichita ndine, ndili kuno, ndi cholembera cha buluu.

Ndalembera a Nickson kalata yopepesa, ili mu envelopu yaing'onoyo. Akapereke a Sydney, kapena a Jackson. Inu musapite nayo nokha. Pepani, ndikudziwa mmene zikumvekera pambuyo pa zonsezi, koma musapite nayo nokha.

Mankhwala ndikupaka. Masabata oyamba tsitsi linagwa kuposa kale, ndinathamangira kwa mayi uja, anati zimatero poyamba, ndidikire miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi. Ndikuyesetsa kuti ndisamayeze ndi zala, koma dzanja limapita lokha.

Nyumba imene tikumanga yatsala pang'ono kutha, ndipo kapitawo sakunena za ina. Mizere muyambe kumtunda, mvula ikagwa kumunsi kuja sikuvuta.

Ndine wanu,
Yesaya


1 Disembala 2024

Okondedwa Yunisi,

Mundilole ndikutchuleni dzina lanu lenileni kamodzi kokha. Muli bwanji? Ndamva kuti mvula yagwa ndipo mwadzala. Zikomo pogwira nokha ntchito ya anthu awiri. Ine ndili bwino, ntchito inatha pa 22.

A Sydney andiuza yankho la a Nickson. Akuti kalata anawerenga, koma anati mawu onenedwa pa msika sabwezedwa mu envelopu. Akufuna ndikaime pakhomo pa shopu yawo tsiku la msika, ndinene pamaso pa anthu kuti ndinawanamizira. Ndikatha ndikhale pampando, andimete, ndidzuke, tsitsi langa ndilisiye pansi pomwepo, ndizipita osacheuka. Akuti anthu akaona zimenezo ndi pamene adzasiya kubwera ndi majumbo.

Ndavomera. Amalume akuti adzandiperekeza koma pampando sakhala, alibe choti ametedwe.

Sindikubisirani, ndikuopa. Munthu amene ndamuchitira nsanje chaka chonse adzaima pamwamba pa mutu wanga, n'kuona zonse, kutsogolo ndi pa liwombo pomwe, anthu a pa msika atadzaza pa windo. Sindikudziwa chimene chidzandiwawe kwambiri, kuti inu mudzakhalepo n'kumaona, kapena kuti musadzabwere n'komwe. Ndikawaganizira a Nickson mtima umandipwetekabe, kunama ayi. Koma tsopano ndikudziwa kuti matendawo ndi anga, si anu.

A Jackson akuti ndisabwere. Akuti, "Masiku a m'pasipoti mwanu anatha kalekale. Pa boda akakudindani, Joni mudzaiona pa TV zaka zingapo. Khalani, nkhani za kumudzi zimazizira zokha." Mwina akunena zoona za boda. Koma tikiti ndadula kale. Basi ikunyamuka pa 16, pa Nsaru ndidzafika pa 18 masana ngati njira ili bwino.

Za mutu, miyezi itatu yakwana ndikupaka. M'mbali mwatuluka titsitsi tofewa ngati ta mwanapiye. Mnzanga wina akuti dazi laima, wina akuti ndi kuwala kwa babu chabe. Mayi wa mankhwala akuti nthawi yoweruza sinakwane. Ndanyamula mabotolo awiri. Akadzatha sindikudziwa ngati kwathu ndidzawapeza, ndipo ndikasiya mukudziwa kale chimene chidzachitike.

Ndinafunsa a Sydney ngati ndikatha za pa msika ndingalowe m'nyumba. Anati ankhoswe adzakhala pansi pa 21, koma za chitseko mwini wake ndi Yunisi, iwo samuyankhira. Inu simunanene kanthu. A Jackson akunyamuka mawa, ndipo pobwerera tidzasemphana pa njira, ndiye yankho la pa pepala silindipezanso kuno. Foni yanga ikhala yotsegula.

Ngati tsitsi laima kapena silinaime, sindikudziwa. Ngati ndidakali mwamuna wanu, sindikudziwanso. Pa 18 ndikatsika pa Nsaru ndidzakhala pa siteji ndi chikwama changa, chifukwa wa kabaza adzandifunsa kuti tilowere kwanu kapena ku Kabudula kwa amalume, ndipo mpaka lero ndilibe chomuyankha.

Ndine,
Yesaya